Maso a Estere Ndinawayesa Ndekha

Ana anga ndi inu adzukulu, za ubwana wanga sindilemba chifukwa mulibe kanthu: mbuzi, mphere, ndi Sitandade 3 imene ndinaisiyira panjira. Kulemba kumanditopetsa kuposa kudulira tiyi, ndiye sinditaya inki pa mbuzi. Ndiyambira tsiku limene ndinabereka dengu kumsana, pakuti ine Namakhwa ndinayamba kukhala munthu tsiku limenelo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ndinachoka kwathu ku Goliati wapansi, kabudula ali mmodzi, chinangwa chophika chili m'thumba. Esiteti sindiitchula, mukuidziwa nonse. Anandilemba yothyola tiyi mvula itangoyamba, ndipo ndinagwa m'manja mwa kapitawo wina dzina lake a Muhiwa, Mlomwe mnzathu, wamfupi, wouma pakamwa. Tsiku loyamba anathyola nsonga imodzi ya tiyi n'kundiika pamphuno. "Ukuona chiyani?" Ine ndinati, "Tiyi." Iwo anati, "Chitsiru. Werenga." Ndinawerenga: masamba awiri ndi kansonga. "Basi. Tsamba lachitatu ukathyola ukapatse amako, fakitale siilifuna." Sukulu yanga yeniyeni inali imeneyo. Pamwamba pa tiyi timati tebulo, ndipo pamayenera kusalala ngati tebulo lenileni. Wothyola amagoneka ndodo yaitali ya nsungwi pamwambapo, n'kuchotsa nsonga zonse zimene zapitirira ndodoyo, kumanja ndi kumanzere, manja onse awiri akugwira ntchito nthawi imodzi, n'kumaponya kumsana osacheuka.

A Muhiwa anandiphunzitsanso china chimene sankaphunzitsa aliyense. Ankati kapitawo wopusa amayang'ana anthu, wanzeru amayang'ana mzere umene munthu wadutsamo. Amene analedzera dzulo tebulo lake limakhala mabampu. Waphuma amang'amba masamba. Mayi amene wasiya mwana akudwala ku komboni amathyola bwino poyamba, koma dzuwa likakwera amayamba kudumpha tchire. Ndikuuzeni, kalata ndimawerenga movutika mpaka lero, chala chili pansi pa liwu, koma mzere wa tiyi ndinkauwerenga ndikuyenda, osaima.

Dzina lija la Hutala, limene ena mumayesa ndi la ubatizo, linabwera chaka chachiwiri. Hutala wa ku fakitale, amene ankalira kudzutsa anthu, anafa mmawa wina, anthu n'kugonereza. A Muhiwa anandituma kuti ndikagogode khomo ndi khomo. Ine ndinaona kuti ndi ntchito yaitali, ndiye ndinangokwera pachulu n'kuitana kamodzi. Komboni yonse inatuluka, ndi agalu omwe. Mawuwa sindinawagule, ndi mphatso, ndipo sindinapepesepo chifukwa cha iwo.

Zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990

Anandipatsa ukapitawo ndisanamere imvi ndi imodzi yomwe. Ndinayamba ku divishoni ya kufupi ndi fakitale, kenaka ananditumiza ku ya mbali ya Makwasa kumene kuli zitunda zothyola mawondo, pomaliza ku ya mbali ya Nchilamwela kumene ndinakalambira. Mabwana ndawaona ambiri. Kunali mzungu wina tinkamuti Mapazi, chifukwa chilichonse ankayesa ndi mapazi, ngakhale mtunda wa kuchimbudzi. Kunali wina wa njinga yamoto amene ankazimitsa injini pamwamba pa chitunda kuti atsike mwakachetechete atigwire tikucheza. Ameneyo sanandigwirepo, chifukwa gulu langa silinkakhala pansi nthawi isanakwane. Ndinali wolimba, sindikana. Koma funsani aliyense amene anathyola pansi panga ngati ndinamusiyapo yekha pamavuto. Chaka china majasi a mvula sanabwere, chiperoni chili tsiku ndi tsiku, anthu akuboola matumba a feteleza n'kumavala. Ndinapita ku ofesi nditavala thumba langa, n'kuima pakhomo, madzi akuchucha pasimenti. Ndinayankhula. Akuti anandimva ngakhale amene anali kusikelo yoyezera tiyi, kutsidya kwa msewu. Sabata yotsatira majasi anafika, ochepa, koma anafika.

M'zaka zimenezi ndinakwatira amayi anu, ndipo Mulungu anatipatsa ana asanu. Wachitatu ndi Estere, ndipo mutu uno ndi wake. Estere ali wakhanda manja ndi mapazi zinkatupa, akulira osatonthola. Atakulako maso ankachita chikasu, ndipo kukazizira ankagubuduka pansi, akuti mafupa akuphwanyika. Amalume ake anayenda naye kwa asing'anga atatu. Pomaliza ku chipatala cha mishoni anamuyeza magazi n'kutiuza kuti ndi sikoselo. Anati magazi ake ena amapindika ngati chikwakwa n'kumatseka timitsempha, ndiye ululu umachokera pamenepo. Anatinso mbewu yake inachokera kwa tonse awiri, ine ndi amayi anu. Ine ndinati, "Kwa ine? Munthu sindinagonepo m'chipatala!" Amayi anu anandiponda phazi. Anthu a pakomboni ankanong'ona kuti mwanayo safika pa unamwali. Anafika, anakwatiwa, anabereka ana awiri. Estere ndi wouma mutu ngati bambo ake, ndipo matenda anamupeza ali choncho.

Zaka za m'ma 2010 zitayamba

Mwamuna wake anapita ku Joni, anaimba foni kawiri, basi. Estere anabwera kwa ine n'kuti, "Ababa, ndilembetseni yothyola." Ndinakana. Mvula, kuzizira, dengu lolemera, zonsezo ndi adani a matenda ake. Iye anati, "Ndiye anawa adya mawu anuwo?" Ndinamulembetsa, koma m'gulu langa, kuti akhale pamaso panga. Ndinkamupatsa mizere ya kufupi ndi mitengo ya mthunzi ndi kufupi ndi mgolo wa madzi, jasi langa n'kumuveka pamwamba pa lake. Za matenda ake tinagwirizana kuti ku ofesi zisamveke. Othyola ambiri amalembedwa pa sizoni, mvula ikatha amapita kwawo, ikabwera ofesi imasankhanso. Tonse tinkakhulupirira kuti munthu akadziwika kuti ngodwaladwala, dzina lake silitulukanso. Choncho tsiku lopita ku chipatala cha boma kukaonedwa ndi kukatenga mankhwala ake, ine ndinkauza kalaliki kuti wapita kumaliro. Tsiku lina kalalikiyo anati, "A Hutala, kodi ku Goliati kwatsala anthu?" Ndinamuyang'ana, anabweza maso pansi.

Ndipo mwanayo ankathyola! Sindikunena chifukwa ndi wanga. Dengu lake linkafika kusikelo lopanda tsamba lokhwima ndi limodzi lomwe, tebulo lake ungayalepo nsalu. Anyamata obwera kumene ndinkawatengera pa mzere wake kuti aone mmene ntchito imakhalira.

Disembala wa chaka chimene ndinalakwa

Loweruka lina Estere anandipatsa pepala la kuchipatala. Ndinaliyang'ana mbali zonse, linali la Chingerezi, ndinamubwezera kuti anene yekha. Anati anamwino a ku kiliniki yawo anena kuti akuluakulu onse odwala sikoselo azikayezetsa maso chaka ndi chaka, ndipo iye amutumiza kwa madokotala a maso ku Blantyre. Ndinamufunsa ngati maso akumupweteka. Anati ayi. Akuyabwa? Ayi. Sakuona bwino? Anati akuona bwinobwino. "Ndiye ukukayezetsa chiyani?" Iye anati, "Akuti matendawa amatseka timitsempha ta kuseri kwa diso, m'mbalimbali, osapweteka. Akuti mwiniwake ukamadzazindikira, zambiri zimakhala zitaonongeka kale. Ndiye amathira mankhwala m'maso n'kusuzumira mkati."

Mundimvetse, ana anga. Disembala ndi pamene tiyi amaphuka ngati wapenga. Ukamusiya masiku awiri wakhwima, fakitale n'kumukana. Nthawi imeneyo palibe amene amapatsidwa tsiku popanda kalata ya ku kiliniki ya esiteti, ndipo ulendo wa ku Blantyre sukanatheka ndi bodza la maliro, chifukwa anati mwina adzamuitananso kangapo. Kupita kunali kuulula. Komanso ine ndinali ndi nzeru zanga. Diso lodwala ndinkalidziwa: limafiira, limatulutsa manthongo, kapena limachita ng'ala. La Estere linali loyera.

Mawa lake titatuluka m'tchalitchi ndinamutengera m'mphepete mwa munda. Ndinathyola nsonga zingapo, ndinayesa mapazi makumi awiri, n'kukweza imodzi m'mwamba. "Masamba angati?" Anati, "Atatu ndi kansonga. Ababa, mwayamba kuthyola zokhwima?" Anthu ochokera kutchalitchi anayamba kuima. Ndinawonjeza mapazi khumi. "Nanga iyi?" Anati, "Awiri, koma limodzi ladyedwa m'mphepete." Ndinayang'ana m'manja mwanga, linalidi lodyedwa, ine mwini sindinaone. Sindinalekere pomwepo, pakuti ntchito yanga sindichita mwatheka. Ndinamupatsa chipewa changa kuti atseke diso lakumanja, anakhoza. Anatseka lakumanzere, anakhozanso. Ndinatembenukira anthu aja n'kunena kuti, "Mwaona nonse! Munthu woona dzino la mbozi pa mapazi makumi atatu akafune chiyani kwa dokotala wa maso?" Anaomba m'manja. Estere nayenso anaseka, ndipo ndinaona kuti mtima wake wakhala pansi, chifukwa ntchitoyo ankaifuna. Amene sanaseke ndi amayi anu. Tikulowa m'nyumba anati, "Inu udokotala munauphunzira kuti?" Ndinati, "Zaka makumi anayi ndikuyesa maso a anthu m'munda." Pepala lija ndinalipinda n'kuliika m'chitini cha makadi a kuchipatala.

Malichi wotsatira

Mmawa wina ndikuyenda kumbuyo kwa gulu monga mwa masiku onse, ndinapeza mzere wodabwitsa. Pakati posalala, kumanja kosalala, koma m'mphepete mwa kumanzere nsonga zili chiimire, tchire ndi tchire, ngati wina wazisiya dala. Sunali mzere wa woledzera, sunali wa waphuma. Ndinakuwa, "Mzere uwu ngwa ndani? Kumanzereku mwasiyira agogo anu?" Anthu anangoweramira m'tiyi. Ndinautsatira mzerewo mpaka kumapeto, ndipo amene ndinamupeza akuthyolamo anali Estere. Ndinamukalipira m'Chilomwe kuti obwera asamve, iye anapepesa, anabwerera n'kukonza. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi, mbali yomweyo.

Tsiku lachinayi sindinakuwe. Ndinalowa mzere woyandikana nawo, ndinayenda pang'onopang'ono, n'kukaima kumanzere kwake, pafupi moti ndikanatha kumugwira phewa. Ine mukundidziwa thupi langa, ndipo ndinali nditavala jasi lachikasu. Estere anapitiriza kuthyola, akuimba chapansipansi. Ndinakweza dzanja. Palibe. Ndinaligwedeza pafupi ndi khutu lake. Palibe. Ndinati, "Estere." Anadzidzimuka mpaka ndodo inagwa.

"Ababa! Mwabwera nthawi yanji?"

"Zayamba liti?"

Anayang'ana pansi. Anati masabata atatu apitawo anayamba kuona tinthu takuda tikuyandama ngati ntchentche, kenaka ngati utsi, ndipo tsopano kumanzere kuli ngati wina wakoka chinsalu. Kenaka anandigwira jasi. "Ababa, musanene. Mwezi wamawa akusankha oti akhale apemanenti, osachotsedwa mvula ikatha, ndipo dzina langa lilipo. Ndizitembenuza mutu, simudzapezanso nsonga. Sizoni ikatha tidzapita."

Pa ntchito yanga yonse sindinasenzepo katundu wolemera ngati mawu amenewo. Mwanayo anali atavutikira malo amenewo zaka zisanu, m'mvula, ndi mafupa opweteka. Ndikanena, ndimuphera ntchito ndi pakamwa panga. Ndikapanda kunena, sizoni inali itatsala miyezi iwiri, ndipo chinsalucho chinali chitayenda chotere m'masabata atatu okha. Ndinazungulira munda wonse kawiri, anthu akudabwa kuti Hutala wadwala chiyani, pakuti sindinakalipire munthu. Nthawi ya sikelo ya masana itakwana ndinasiyira gulu wachiwiri wanga, ndinapita kunyumba kukatenga pepala m'chitini, n'kulunjika ku ofesi. Estere anandiona ndikudutsa. Anandiitana kawiri. Sindinacheuke.

Manejala wa divishoni nthawi imeneyo anali a Gondwe, mnyamata wophunzira, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, woyankhula motsitsa moti umachita kuweramira. Ndinavula chipewa, ndinatseka chitseko, ndinatsekanso zenera. Ndinati, "Bwana, ndabwera ndi chinsinsi. Mwana wanga Estere ali ndi sikoselo chibadwire. Maliro onse aja ndinkanama ndine. Ngati pali wochotsedwa ntchito, chotsani ine, koma ndikupempha kalata apite ku Blantyre, diso likutseka."

A Gondwe anandiyang'ana, kenaka anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anati, "A Namakhwa, khalani pansi. Chinsinsi chake ndi chiti?"

"Chimene ndanenachi, bwana."

"Bambo, ine ndinamva sabata yoyamba nditangofika pano. Ndinali pa njinga kumsewu uko, inu muli pakati pa munda, mukuti, 'Estere, imwa madzi, magazi akowo angagwirane!' Kalaliki akudziwa. A kusikelo akudziwa. Woyendetsa thirakitala akudziwa. Inu mumayesa mumanong'ona?"

Ndinakhala pansi. Anatenga pepala lija n'kuliwerenga, ndipo nkhope yawo inasintha. "Ili ndi la Disembala." Ndinati inde. "Ndiye miyezi itatu yonseyi linali kuti?" Ndinati m'chitini. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangolemba kalata ya ku kiliniki, n'kunena kuti galimoto ya esiteti ikupita ku Limbe mmawa, tikwere tonse awiri. Za upemanenti anati sangalonjeze, si iwo okha osankha. Madzulo amenewo Estere sanandiyankhule. Chakudya anatumiza mwana kuti andipatse.

Ku Blantyre

Ku chipatala cha maso anayamba ndi kumuimika patali kuti awerenge zilembo pakhoma. Ndi diso lakumanja anawerenga mpaka tating'ono ta pansi. Ndi lakumanzere anavutika, koma anafika pakati. Ine mtima unayamba kubwerera, ndipo ndinati, "Mwaona, adokotala? Amaona ameneyu!" Odwala onse pabenchi anatembenuka. Dokotalayo anali mayi, wochepa thupi, wosapupuluma. Anati, "Bambo, zilembozi zimatiuza za pakati pa diso pokha. Dikirani tione m'mbali." Anamuthira mankhwala m'maso, tinakhala panja pafupifupi ola, ndipo nditamuyang'ana ndinachita mantha: kamwana ka diso kanali katakula mpaka diso lonse kuoneka lakuda. Anatilowetsa m'chipinda cha mdima. Dokotala anavala nyali pamutu, anagwira kagalasi patsogolo pa diso la Estere, n'kumamuuza kuti yang'anani kumwamba, yang'anani kumanzere, yang'anani pansi. Anatenga nthawi yaitali, osanena kanthu. Inenso sindinanene kanthu, ndipo amayi anu mpaka lero sakhulupirira.

Atatha anajambula zozungulira ziwiri papepala n'kutifotokozera m'Chichewa chomveka. Anati kuseri kwa diso kuli kansalu kopyapyala kamene kamagwira kuwala, ndipo kamadyetsedwa ndi timitsempha tating'ono kwambiri. Sikoselo imatseka ta m'mphepete. Diso likaona kuti kumeneko kwauma limameretsa timitsempha tatsopano, koma timakhala tosalimba, timatha kuphulika n'kutaya magazi mkati, kapena kukoka kansalu kaja mpaka kumatuka. Zonsezi zimayamba munthu akuona bwinobwino. Anati diso lakumanzere magazi atayikamo kale ndipo kansalu kayamba kumatuka mbali imodzi. Kenaka analoza chozungulira chachiwiri. "Lakumanjali nalonso timitsempha tija tamera, koma sitinaphulike. Ili mwabwera nalo nthawi yabwino."

Lakumanja! Diso limene linawerenga mpaka pansi pa khoma! Ndinafunsa funso limene linkandiwotcha. "Adokotala, tikanabwera Disembala?" Anandiyang'ana, anayang'ana Estere. Anati, "Sindingalumbire. Koma mwina lakumanzere tikanalipeza mmene talipezera lakumanjali." Pamenepo ndinawauza zonse, za mapazi makumi atatu, za chipewa, za anthu oomba m'manja. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anangoti, "Ambiri amabwera diso lachiwiri litayamba kale kutseka. Inu mwabwera nalo likuona. Tiyeni tigwire ntchito."

Titatuluka panja dzuwa linamulasa Estere m'maso chifukwa cha mankhwala aja, moti sankatha kuyang'ana. Ndinamuveka chipewa changa, n'kumugwira dzanja ngati mmene ndinkachitira ali wa zaka zinayi, tikuwoloka msewu pakati pa maminibasi. Ndinakuwira dalaivala wina amene ankabwera mothamanga, anaima pomwepo, ndi wa kumbuyo kwake yemwe. Ndi pamene Estere anandiyankhula koyamba chichokere kumunda. Anati, "Ababa, mawu anuwa nthawi zina amathandiza." Tinabwererako maulendo angapo. Diso lakumanja analiwotcha m'mbali ndi makina a kuwala kuti timitsempha toipa tija tifote. Estere akuti zimathwanima ngati mphezi, koma zimapiririka. Lakumanzere anayesetsa mmene akanathera. Kuwala limaona, munthu akaima patsogolo limamuzindikira, koma mbali ija sinabwerere, ndipo sidzabwerera.

Lero

Upemanenti chaka chimenecho unamudutsa, chifukwa posankha iye anali pa maulendo a kuchipatala. Analira. Mvula yotsatira a Gondwe anamuika ku nazale, kumene amadula timitengo ta tiyi n'kumatibzala m'timatumba, pansi pa mthunzi, popanda dengu kumsana. Patapita zaka ziwiri anamulemba upemanenti komweko, ndipo tsopano ali ndi anthu asanu ndi mmodzi pansi pake. Akuti sakuwa, amangoyang'ana munthu. Zimenezo anatengera amayi ake.

Ine ndinapuma ntchito ndi ulemu wanga wonse. Anandipatsa njinga ndi wailesi, ndipo gulu langa linandiimbira nyimbo yondinyoza mpaka misozi inatuluka ndi kuseka. Ndili kuno ku Goliati, pamudzi pa amayi anu, ndili ndi nthochi zanga, makabichi ndi tomato wa kudimba, ndi nkhumba ziwiri. Sindidandaula. Ndinagwira ntchito imodzi moyo wanga wonse ndipo ndinaidziwa. Chaka chilichonse tiyi akachepa, Estere amapita kukathiridwa mankhwala aja m'maso, ndipo womuperekeza ndine, chifukwa pobwerera pamafunika womugwira dzanja. Chaka chatha tinatenganso bambo wina wa ku tchalitchi kwathu, wa matenda omwewa, amene ankati maso ake ndi akuthwa. Ndinamuyankhula pakhomo pake, mudzi wonse unamva, anakwera minibasi. Inu adzukulu, magaziwa ali m'banja mwathu. Wina mwa inu kapena mwa ana anu akadzapezeka nawo, maso azikayezetsa akuona bwino, asadikire chinsalu.

Mutu uno ndaulemba kawiri. Poyamba ndinalemba mwachidule kuti tinachedwa kupita ku Blantyre chifukwa inali nthawi ya mvula ndipo ntchito inachuluka. Estere atabwera Lamulungu lina ndinamupatsa kope kuti aone mmene bambo ake akulembera buku. Anawerenga, n'kulitseka.

"Ababa, mvula ndi imene inaika pepala m'chitini?"

"Iwenso unaseka tsiku lija," ndinatero.

"Ndinaseka. Lembani kuti ndinaseka. Koma lembaninso za mapazi makumi atatu."

"Adzukulu adzanditenga ngati chitsiru."

"Adzakutengani ngati munthu amene anapita ku ofesi ine ndikumuletsa. Koma ziwirizo zikhalemo zonse."

Ndinang'amba masambawo n'kuyambiranso, ndipo zanditengera masabata atatu. Dzulo anabweranso. Anakhala pakhonde, anapendeketsa mutu pang'ono monga amachitira masiku ano, ine ndili chiimire pambali ngati mwana woyembekeza mayeso. Zilembo zangazi n'zokhotakhota, zina zing'onozing'ono moti ine mwini ndimazisowa. Anawerenga zonse mpaka liwu lomaliza, ndi diso lake lakumanja, ndipo anandipezera zolakwa zisanu ndi ziwiri.